Nkhuni Zouma za a Jailosi

Anthu kuno kwa Mkanda akamakumbuka chaka chija amayamba ndi mtengo wa chimanga. Ine ndimayamba ndi nkhuni. Njala ya m'mimba tinaimva tonse, ndipo sinali yoyamba pa moyo wanga. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chimanga chikakanika m'munda, moto nawonso umasowa m'nyumba. Papita zaka tsopano, koma mwezi wa Juni ukangolowa mtima wanga umalemerabe.

Disembala

Pakhomo tinalipo atatu: ine, mwana wanga Esinati, ndi mwamuna wake Yohane. Bambo ake a Esinati anali atatisiya zaka zinayi m'mbuyomo. Yohane anali mwana wa matenanti a ku esiteti ya fodya, kwawo kwenikweni ku Mulanje, ndipo anabwera pachikamwini atanyamula khasu limodzi ndi wailesi yosalankhula. Ndinkamuseka kwa Esinati kuti iye ndi wailesi yakeyo onse akufunika mabatire. Koma kulima ankalima, pamenepo sindingamunamizire.

Tinadzala ndi mvula yoyamba ndipo chimanga chinamera mizere yonse. Feteleza tinali ndi thumba limodzi lokha, tinkathira ndi kachitsekerero ka botolo. Nkhokwe inali itatsika kale chifukwa chaka cham'mbuyo sitinakolole bwino, koma tinkati tipirire miyezi itatu basi.

Mwezi womwewo ndinaona kuti Esinati wayamba kulavula malovu pafupipafupi ndi kukana therere limene ankalikonda. Sindinadikire kuti andiuze. Kusikelo anamuuza kuti ayembekezere mu Ogasiti. Ndinawerenga pa zala ndipo ndinakondwa: tidzakhala titakolola, chisanu chitapita.

Febuluwale

Mvula inadula chimanga chikuyamba kumasula. Sabata yoyamba tinkati yangopumira. Sabata yachitatu masamba anali atapotana ngati a anyezi. Mitambo inkasonkhana cha ku Zambia masana, n'kumwazika ife tikuyang'ana.

Pa msika ndalama imene inkagula thumba nthawi yokolola sinkadzazanso ndowa. Amalonda ankalowetsa ufa wa ku Zambia pa njinga kudzera njira zakutchire, n'kumaugulitsa m'timajumbo tating'ono toti munthu mmodzi sangakhute. Tinayamba kudya kamodzi pa tsiku, ufa wosakaniza ndi madeya. Gawo lalikulu tinkamusiyira Esinati, iye n'kumakana mpaka ndimukalipire.

Munthu wopanda mbuzi agulitsa chiyani? Mitengo. Maesiteti owotcha fodya m'mabani ankafuna nkhuni zambiri, ndipo thirakitala inkazungulira m'midzi. Nkhwangwa zinalira mudzi wonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anthu anadula bulugama, anadula misuku ya m'mphepete mwa dambo, ena mpaka mango. Ine ndinagulitsa mitengo ya malaina isanu ndi umodzi imene malemu amuna anga anadzala m'malire a munda. Ndinapeza ndowa ziwiri za chimanga, ndipo ndinkadzitama kuti ndachenjera chifukwa anzanga ena anapeza imodzi ndi theka.

Malichi

Mvula inabweranso chimanga chitafa kale. Yohane anati apite ku Zambia akagwire ganyu m'mafamu, azitumiza ufa. Anatumizadi kawiri kudzera kwa wanjinga wina, kenako kunangoti zii.

Kunamveka mphekesera zoti kukubwera chimanga chaulere. Amene ankatibweretsera mphekesera zonsezi anali anaGama, oyandikana nawo nyumba. Ine ndi anaGama tinakulira limodzi, tinkakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndipo tonse tinali atsogoleri a gulu la amayi. Ndi munthu wothandiza, ukadwala amabwera ndi phala. Koma nkhani ikalowa m'khutu mwawo sigona, dzuwa lisanalowe yafika kale kuchitsime. Tinalembetsa maina katatu, tikuima padzuwa. Chimanga chinabwera kamodzi, thumba limodzi kugawana mabanja awiri.

Meyi

Tinakolola masiku awiri munda umene tinkakolola sabata ziwiri. Zisononkho zinali ngati zala za mwana. Apa m'pamene ndinayamba kuona vuto lina. Ife osauka nyengo yachisanu timadalira zisononkho ndi mapesi, ndizo nkhuni zathu. Chaka chimenecho zisononkho zonse zinakwana dengu limodzi, ndipo mapesi anali oonda, ongoti lawi n'kutha. Amayi anayamba kukumba zitsa za mitengo imene tinadula mu Febuluwale. Ena ankaphikira mitengo ya fodya, utsi wake woti ngakhale galu amatuluka m'khitchini.

Mtedza wokha ndi umene unayesako. Ndinasenda ndowa imodzi, ndinaisoka m'thumba n'kuibisa kuseri kwa bedi kuti ikhale mbewu. Ndinamuuza Esinati kuti ngakhale tigone ndi njala masiku atatu, thumba limenelo lisakhudzidwe.

Juni

Matenda anamuyamba Esinati m'masiku oyamba a mwezi, pakati pali pa miyezi isanu ndi iwiri. Tinathamangira kuchipatala pa kabaza. Kanabadwa kamtsikana, kakang'ono koti ndinkakanyamula m'manja awiri popanda chotsala. Sitinakatche dzina. Tinkangoti mlendo, monga timachitira mwana asanakhazikike.

Tinakhala kuchipatala masiku khumi ndi awiri. Potitulutsa, anamwino anamuphunzitsa Esinati kumangirira mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu. Kenako anatembenukira kwa ine. Anati ana obadwa masiku asanakwane amaphedwa ndi zinthu ziwiri, kuzizira ndi chifuwa. M'nyumba muzikhala mofunda, koma mopanda utsi. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka anailetsa. Ndinavomera zonse ndi mutu ngati munthu amene ali ndi mulu wa nkhuni kuseri kwa nyumba.

Mudzi wathu uli m'mphepete mwa dambo. Mu Juni chisanu chimakwera kuchokera kumeneko, nkhungu n'kukhala mpaka dzuwa litakwera. Nyumba ya Esinati inali yamalata, ndipo malata ndi abwino kuwaonetsa kwa alendo koma chisanu saletsa. Tinamusamutsira m'nyumba yanga yakale yaudzu, imene ili ndi malo osonkhapo moto pakati. Zisononkho zinatha masiku anayi.

Ndinagulitsa nkhuku ziwiri zomaliza n'kupita pa msika. Nkhuni zinalipo, mitolo ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo wogulitsa aliyense ankalumbira kuti zake ndi za chaka chatha. Ndinagula mtolo woyamba mosayang'ana bwino. Kunja anaika zouma zitatu, m'kati monse bulugama wamuwisi. Pamoto zinkangolira, kumapeto kukutuluka thovu, utsi tolotolo. Ndinazitulutsa msanga maso akuyabwa, mlendo atayamba kale kuyetsemula.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wovuta pa msika. Ndinkamasula mtolo wonse pamaso pa mwini wake. Ndinkanyamula chikuni kuti ndimve kulemera, ndinkayang'ana ngati kumapeto kwachita ming'alu, ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo. Kenako ndinkagundanitsa ziwiri. Zouma zimalira mokweza, zaziwisi zimangoti du. Ogulitsa anayamba kundithawa, wina mpaka anandifunsa ngati ndikugula nkhuni kapena ng'oma. Masiku atatu ndinabwerera ndi tinthambi tochepa totolera m'njira. Mitengo yonse ya dera lathu inali itadulidwa miyezi inayi yokha yapitayo, zouma zikanachokera kuti?

Tsiku lachinayi ndikubwerera, anandipeza panjira a Jailosi. Anali bambo wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, wowonda, wa ana asanu ndi mmodzi, amene kale ankawaza nkhuni ku esiteti. Anatsika pa njinga n'kunena motsitsa mawu kuti amva ndikufuna zouma.

"Zilipo, mayi. Muwanga. Koma sindibweretsa pa msika, ndipo ndalama sindifuna. Ana anga sadya ndalama."

Ndinawauza kuti chimanga ndilibe. Anafunsa za mtedza. Ndinawauza kuti abwere ndione kaye.

Anabwera m'mawa mwake nkhuni atazikulunga m'matumba ngati makala, n'kuzitsitsira kuseri kwa nyumba. Nditagundanitsa ziwiri zinalira ngati chitsulo. Zinali zotuwa kunja, zofiirira m'kati, zopanda khungwa n'komwe. Sindinanenerere. Ndinalowa m'nyumba, ndinasolola thumba la mbewu lija n'kuwapatsa theka. Theka lina anadzatenga ulendo wachiwiri.

Amene sanawothepo muwanga wouma sangamvetse. Umayaka pang'onopang'ono, lawi lalifupi, utsi ngati palibe, ndipo makala ake amafika m'mawa akadali ofiira. Zikuni ziwiri zinkakwana tsiku lonse. M'nyumba munafunda mpaka Esinati anavula juzi. Tsiku loyamba lomwelo anayang'ana motowo nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti muwanga wouma chonchi a Jailosi akuutenga kuti, poti kuno unatha iye ali mwana.

"Ingowotha," ndinamuyankha. "Mafunso safunditsa mwana."

Sanafunsenso. Tonse awiri tinkadziwa kuti m'dera lonse lino malo amene kwatsala mitengo yachilengedwe ndi amodzi okha. Kumanda sikudulidwa mtengo. Ngakhale nthambi yogwa yokha siitoledwa, amaigwiritsa ntchito adzukulu okha, okumba manda, pa tsiku la maliro. Ndinkadziwa, koma ndinasonkha ndi manja anga, ndipo tulo ndinkagona.

Masabata atatu amenewo ndi amene ndimawakumbuka ndikafuna kudzitonthoza. Mlendo anayamba kuyamwa mwamphamvu. Kusikelo anamwino anamwetulira, anati wakwera. Timasaya tinayamba kuoneka. Esinati anayamba kutchula maina, ine n'kumawakana onse kuti ndi a m'mafilimu.

Julayi

A Jailosi anagwidwa Lachiwiri m'mawa akutuluka m'manda a mudzi wathu, nkhwangwa ili paphewa. Anawagwira adzukulu amene ankapita kukalambula. Anawalanda njinga, mlandu unakambidwa tsiku lomwelo, ndipo anawalipiritsa mbuzi imene analibe. Atawafunsa amene ankawagulitsa, anatchula wophika tiyi wina wa pa msika, ndi ine.

AnaGama anafika masana ndi amayi ena awiri a gulu lathu. Sanalowe m'nyumba, anakhala pakhonde. Anayamba ndi kufunsa za mlendo, kenako anati akudziwa kuti ine sindinkadziwa, munthu ngati ine sindingachite dala zoterozo. Ndinavomera kuti sindinkadziwa. Ndinachita kugwira pakamwa ngati ndadabwa.

"Ndiye zitulutseni lero lomwe, amake Esinati," anatero anaGama. "M'nyumba ya chikuta muziyaka nkhuni za kumanda? Mwanayo mukumuitanira kuti? Mudzi wonse ukuyang'ana kuno. Mukazisunga, anthu adzati munkadziwa."

Mmodzi wa amayi aja anawonjezera kuti nkhaniyi ikafika kwa akulu a mpingo sizikhala bwino kwa mtsogoleri wa amayi. Zaka makumi awiri ndinali munthu amene ena ankabwera kudzafunsa nzeru pa maliro ndi pa maukwati. Tsopano ndinali mkazi wowotha akufa.

Ndinalowa m'nyumba. Esinati anali atamva zonse, atakhala pamphasa mwana ali pachifuwa. Anandigwira chitenje.

"Amayi, zatsala za masabata awiri okha. Dikirani chisanu chipite. Muwauze kuti mwataya, tizibise pansi pa bedi."

Ndinamuuza kuti iye ndi mwana, sadziwa zimene akufa amachita akakwiya. Ndinalankhula mokweza kuti a pakhonde amve. Ndinazimitsa motowo ndi madzi, ndinakokola ndi phulusa lomwe. Tinamanga mitolo itatu, ine ndi anaGama ndi mayi wina tinasenza, ndipo tinadutsa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo kuti aliyense aone. Tinakaziunjika polowera kumanda. Pobwerera anthu ankandipatsa moni mwaulemu, ndipo ndinamva kupepukidwa. Zimenezi ndimachita nazo manyazi kuposa zonse.

Mawa lake kunayamba mphepo ya mwera, mitambo yotsika, ndi kamvula kowaza. Masiku awiri tinakhala opanda moto, Esinati atafunda mabulangete onse a pakhomo. Tsiku lachitatu timapazi ta mlendo tinali tozizira ngakhale anali pachifuwa cha mayi ake. Mbewu inali itatha, nkhuku zinali zitatha. AnaGama anandipatsa mtolo wa bulugama wawo, ndi mtima wabwino ndithu. Ndinauwaza tizidutswa ting'onoting'ono, ndinayanika pakhonde popanda dzuwa, n'kusonkha chitseko chili chotsekula. Ukatsekula, mphepo. Ukatseka, utsi. Ndinakhala masiku anayi ndikutsekula ndi kutseka chitseko chimenecho.

Mlendo anayamba kutsokomola kachifuwa kakang'ono, kenako anasiya kuyamwa. Loweruka m'mawa ndinaona nthiti zake zikulowa m'kati akamapuma. Tinakwera kabaza. Kuchipatala anati ndi chibayo, anamuika pa mpweya, anayesa zonse zimene akanatha. Anatisiya Lolemba masana. Ndinafunsa anamwino ngati unali utsi kapena kuzizira. Anati sangadziwe, ana otere nthawi zina amapita ngakhale wachita zonse bwino. Anali munthu wachifundo, ndikuganiza kuti anaona nkhope yanga.

Mwana wotere kwathu kuno sitimulira maliro. Amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo. Ndinamunyamula ine. Polowera kumanda mitolo itatu ija inali pomwe tinaisiya, palibe amene anaikhudza, youma bwinobwino ngakhale kunawaza mvula. Amayi onse anaiona ndipo aliyense anayang'ana kumbali. Pobwerera ndinamva wina kumbuyo kwanga akunong'ona kuti nkhuni zija zamutengadi mwana. AnaGama anamuletsa, koma sanamutsutse.

Ogasiti

Kunayamba kufunda. Yohane anabwera sabata yachiwiri ya mwezi, atamva uthenga mochedwa ku famu ina ya kutali. Anabwera ndi thumba la ufa. Anakhala masiku atatu osalankhula zambiri, kenako anatuma ankhoswe kudzandipempha kuti amutenge Esinati akakhale naye ku Zambia, kumene anapeza malo. Mwana wanga mmodzi yekha, woti adzalandire munda wanga. Ndikanatha kukana, mwambo unali kumbali yanga. Nditamuyang'ana Esinati ndinaona kuti katundu wamanga kale.

Mwezi wonsewo sanandinene. Ankanditungira madzi, ankandipatsa moni m'mawa, koma m'nyumba yaudzu ija sanalowemonso. Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Yohane anatsogola ndi njinga. Ndinaona kuti ndikapanda kulankhula pamenepo sindidzalankhulanso, ndiye ndinamuuza Esinati kuti andikhululukire, ndinachita mantha ndi mizimu, ndinkafuna kuteteza mwanayo.

Anaima n'kutula chikwama pansi. Sanakweze mawu.

"Mukanakhala kuti munkaopadi mizimu, ndikanamvetsa, amayi. Koma munadziwa tsiku loyamba lomwe, ndipo munasonkha nokha masabata atatu. Akumanda aja mwana wanga anamufunditsa. Inu simunaope akufa. Munaopa anaGama."

Sananame. Ananyamula chikwama chake n'kumutsatira mwamuna wake. Ndinaima pamsewupo mpaka anakhota pa mlatho, ndipo sanacheuke.